Sofa ya atate inapita ndi makhadi

Atate atamwalira ku Kanyama, tinatulutsa mipando yonse panja monga mwa mwambo, kuti azimayi apeze poyala mphasa m'nyumba. Sofa ya atate, imene ngakhale amayi sankakhalapo iwo alipo, inakaikidwa m'tenti ya azibambo. Woyamba kudziponyapo anali mlamu wanga, mwamuna wa mkulu wanga, munthu amene sanagulepo ngakhale panado nthawi yonse ya matenda.

Masana a tsiku lachiwiri ndinatumidwa kukapereka tiyi. Ndinapeza kuseri kwa tenti njuga ya makhadi ili mkati, ija amati poka, makobidi ali pachivundikiro cha ndowa. Sofa anali ataikokera komweko. M'nyumba azimayi a kumpingo akuimba, kuno anthu akutsinzinirana maso.

Dalaivala wina wa minibasi anaonjezera ndalama. Mlamu anapapasa m'matumba, osapezamo kanthu. Anasuzumiranso makhadi ake, n'kumenya dzanja pasofa.

"Nakweza. Naikapo iyi."

"Ni yanu, ba mudala?" anafunsa dalaivala uja.

"Iwe, pogabana vinthu izapita kuti? Si kwa mukazi wanga?"

Atate ali m'mochale, bokosi lisanagulidwe n'komwe, munthu wagawa kale katundu! Ndinafuna kumukhuthulira ketulo pamutu, koma mkazi sakalipa pamaliro a bambo ake, amati wapenga. Ndinangothira tiyi. Anatembenuza makhadi, ndipo mlamu anadyedwa.

Titaika maliro, m'mawa mwake tikulowetsa mipando, dalaivala uja anafika ndi wilibala kudzatenga sofa. Anachita kuvula chipewa, wakuba waulemu. Ine ndinaima pakhomo, mkangano n'kubuka, anthu a m'mipanda yoyandikana ayamba kale kusuzumira. Amayi anamva zonse ali pamphasa. Anayang'ana mpongozi wawo, kenako mkulu wanga amene anali atazyolika.

"Alekeni atenge," anatero. "Osaitana anthu kawiri panyumba ino."

Wilibala inatuluka ikulira m'matope. Pasimenti panatsala malo oyera pamene sofa inkakhala.

Mlamu analowa m'nyumba ngati palibe chachitika, n'kumwazamwaza maso kufuna pokhala. Ndinadikira kuti wina amulavulire. Mkulu wanga anadzuka pakampando kake, n'kukapukuta ndi chitenje chimene analirira atate, n'kugwada.

"Nkalani apa, ba tate bake."

Anakhala, ndipo anafunsa ngati tiyi watsala.