Mtsempha wa Apongozi Anga

Zaka naini ndili pabanja, apongozi anga aamuna ndinkawadziwa nsapato zokha. Akabwera kudzacheza kwathu ku Tegeta, mumzinda wa Dar, kuchokera kumudzi, ndinkagwada pakhomo, kupereka moni maso ali pansi, basi ndathawira kukhitchini.

Ulendo wina anafika akudandaula msana. Masiku amenewo zipatala za pulayiveti zinali zitamera ngati bowa mu Dar, ndiye ndinawatengera ku china cha ku Msasani. Atawaunika, dokotala anati mtsempha waukulu wa m'mimba watupa ngati chubu cha njinga, ukhoza kuphulika tsiku lililonse. Amuna anga, dalaivala wa thiraki, anali paulendo, foni yawo osapezeka. Apongozi Chiswahili ankadziwa "asante" yekha. Womasulira ndinatsala ine.

Nditangotchula opaleshoni, mkuluyo anayamba kuvala jekete. Mchimwene wawo anamwalira atang'ambidwa pamimba, ndiye iwo ankati bola akafere kwawo ali athunthu.

Dokotala anaseka, n'kundifotokozera kuti pamimba sakhudzapo. Amaboola pang'ono m'mphechepeche, mbali zonse ziwiri, n'kulowetsa kapaipi kofewa mumtsempha, kukwera nako mpaka potupapo kuti magazi azidutsa m'menemo. "Waambie," anatero, kutanthauza kuti ndiwauze. Kuwauza ine? Malo amenewo, kwa bambo wobereka amuna anga?

"Akuti alowera pamwendo," ndinatero.

"Pamwendo pati, mayi? Pabondo?"

"Chakumtunda."

"Pantchafu?"

"Chakumtundako ndithu."

"Ndiye ndi pamimba pomwepo. Mukundinyengerera ngati mwana. Tiyeni tizipita."

Mtima wanga unapsa. Sindinapsere iwo ayi, ndinapsera amuna anga, amene nthawi imeneyo mwina ankadya chipsi mayai, chipsi cha mazira chija, pamalo ena osadziwa kanthu. Komanso ndinachita mantha. Ndinawaona apongozi m'maganizo ali m'basi, masiku awiri a mabampu, chinthu chija chikugunda m'mimba. Ndinati manyazi anapha lambe, ine sandiphera munthu.

Ndinatembenuza mpando kuyang'ana kukhoma. Khomalo ndinaliuza zonse, mosapsatira: pamene aboole, kukula kwa bala, ngati kachala basi, ndiponso kuti ayamba awameta kaye pamenepo. Thukuta linali kamukamu. Nesi amene anaima pambali sankamva Chichewa, koma anagwira pakamwa.

Ndinadziwa kuti ndalaula, ndipo nkhaniyi ikafika kumudzi ndidzatchedwa mkazi wopanda mwambo mpaka kufa.

Kenaka ndinamva bedi likulira, apongozi akhalanso pansi.

"Mayi," anatero motsitsa, "mwana wanga wobereka ndekha sakanatha kunena zimenezo. Ngati mwafika pamenepa, ndiye kuti mukufunadi ndikhale ndi moyo. Auzeni abweretse lumo lawolo."

Ndinamasulira ndikulira, Chiswahili chake chokhotakhota. Patatha masiku atatu anatuluka m'chipatala akuyenda okha.