Tepi Imene Agogo Anaisunga Pautsi

"Amake Tadala, kanema wa agogo anu uja dzina lake n'chiyani? Yalla, fulumirani, tchulani, ndimseche pafoni pompano." Anandifunsa choncho Mercy, mnzanga wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana ndi ya madamu anga kuno kudziko la Aluya, ku Al Messila, titakumana kotaya zinyalala. Ndinangoima ndi bini m'manja. Dzinalo sindilidziwa.

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la utsi wa bulugamu wosauma bwino m'kakhitchini kathu ku Mulanje, ndi kulira kwa kampeni kawo akupala nsungwi zolukira malichero, ine ndikusesa zinyenyeswa kumapazi kwawo. Ali mnyamata, kunabwera azungu kudzajambula kanema m'minda ya tiyi, ndipo iwo anapatsidwa ntchito yophikira mmodzi wa ku Mangalande, wamphuno yopindika, amene sanakhalepo mwinifilimu. Moyo wake wonse ankasewera mlonda wa pageti, dokotala woledzera, msilikali wophedwa koyambirira.

"Ameneyo ankafa m'kanema aliyense," ankatero agogo, "kenaka n'kubwera kudzandipempha mazira awiri okazinga."

Tsiku lina munthu woyenera kuthira tiyi pojambulapo sanabwere. Mzunguyo anawagwira dzanja agogo, n'kuwaveka jekete loyera, n'kuwauza kuti asayang'ane kamera. Agogo anathira tiyiyo osataya ngakhale dontho, n'kuyankhanso moni m'Chingerezi. Patapita zaka zambiri, mzunguyo atakalamba kwawo, anawatumizira tepi ya kanemayo papositi.

Kwathu kunalibe magetsi, kunalibe choonerera. Agogo anachita zimene timachita ndi chinthu chofunika: anaikulunga tepiyo m'kansalu n'kuipachika kudenga la khitchini, pamodzi ndi chimanga cha mbewu, kuti utsi uziiteteza kwa anankafumbwe. Chaka chilichonse ankaitsitsa, kukuntha mwaye, n'kuibwezera pomwepo.

"Ukadzakula tidzaonera limodzi, udzaone agogo ako ali ndi tsitsi."

Sitinaonere. Atamwalira, ndili ndi pakati pa Tadala, ndinapita nayo kwa bambo woonetsa mavidiyo pamsika. Anaitembenuza kawiri. Inali itapindika ndi kutentha, m'kati mwamatana ngati phula, kapepala kolembedwa dzina kada bii.

"Mayi, imeneyi mwachita kuiwamba ngati mbewa," anatero.

Agogo sanajambulitsepo chithunzi. Mzungu ujanso ankangomutchula kuti Bwana Mazira. Kuno ndimapukuta TV yaikulu ngati chitseko, ndipo madamu akaika mafilimu akale a Chingerezi ndimachedwa dala ndi kansanza kanga, maso ali m'mbali, kumbuyo kwa anthu olankhulawo. Agogo sindinawaonepo.

Mercy anabwezera foni m'thumba la yunifomu. "Khalas, basi, achemwali. Popanda dzina palibe chingatuluke."

Tadala ali kumudzi ndi amayi anga, ndipo pafoni wayamba kufunsa kuti agogo amenewo ankaoneka bwanji. Ndimamuuza kuti anali aatali. Zina zonse zikundithawa.

Tinataya tepi imodzi, dzina la kanema, dzina la mzungu, mawu a agogo ndi nkhope yawo. Chimanga cha mbewu chokha ndicho chinapulumuka.