Anakagona Pasiwa M'chipululu

Mukafunsa Amalawi a ku Middlesbrough za Edwina Nachisale, akuuzani kuti ndi mayi uja wouma m'maso. Samunena moipa ayi. Amangodabwa kuti munthu amene amasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za azungu kunyumba yosungirako okalamba, mosamala ngati wagwira dzira, sanaonedwepo akugwetsa msozi, ngakhale pa imfa ya mayi ake omubereka.

Kwawo ndi ku Ntcheu, kumene ankaphunzitsa ana a sitandade faifi. Anabwera ku Mangalande pothawa mavuto amene sakonda kuwafotokoza, ndipo ifenso tisamukakamize. Boma linamuika m'kachipinda ka nyumba yokhalamo amayi ochokera m'mayiko osiyanasiyana, n'kumuuza kuti adikire yankho la pempho lake lokhala m'dzikomo. Anadikira zaka. Ntchito sankaloledwa kugwira, kutuluka m'dzikomo kunali kutaya pempho lakelo, ndipo mlendo sankaloledwa kugona m'nyumbamo.

Uthenga wa maliro a mayi ake unamupeza m'kachipindako m'chaka cha 2013. Anaimba foni ndi mchimwene wake. Edwina atangoyamba kubuma, mayi wa m'chipinda choyandikana nacho anamenya khoma, poti khomalo linali lopyapyala ngati katoni. Edwina analuma chitenje, kulira kunabwerera m'mimba. Anzake awiri, Amalawi anzake, anabwera pa sitima tsiku lomwelo: Shirley, namwino wa ku Leeds, ndi Constance, wosamalira odwala m'makomo ku Manchester. Anakhala naye mpaka madzulo, kenako lamulo la nyumbayo linawatulutsa. Kwathu namfedwa sagona yekha, koma Edwina anagona yekha. Kuyambira tsiku limenelo pachifuwa pake panatsakamira chinthu ngati mbatata yodya popanda madzi, ndipo ankadziona ngati mwana woipa amene sanalire mayi ake.

Mapepala anabwera patapita nthawi, ntchito anaipeza, koma ku Malawi sakanatha kupita, poti mapepala a wothawa kwawo samulola kubwerera kumene anathawa. Manda a mayi ake ankangowaona pa chithunzi cha pafoni.

Tsiku lina Shirley anaimba. "Asisi, konzekani, tikupita ku holide ku Morocco. Tikakwera ngamila, n'kukagona m'chipululu usiku umodzi."

"Ine? Ngamila ndimadziwa za m'Baibulo, ndipo zikhale momwemo," anatero Edwina. "Shifiti zanga andigwirira ndani?"

"Kapempheni ofu basi. Tiketi tagula kale."

Shirley akanena wanena. Ndi mmene Edwina anapezekera pabwalo la ndege ku Manchester, akuseka Constance amene ankakoka chikwama chachikulu ngati akusamuka. Atatsika ndege anayenda ulendo wautali pa minibasi, kudutsa mapiri opanda mitengo, mpaka pamene msewu unathera ndipo mchenga unayambira. Edwina anavula nsapato n'kuponda pansi. Sikunali kwawo, komabe dzuwa lake linali lija analisowa, loti limakuwotcha pakhosi mosapempha.

Mwini ngamila anali bambo wachikulire womanga nsalu yabuluu kumutu. Anagwaditsa chinyamacho n'kumukodola Edwina kuti akwere. Palibe anamuchenjeza kuti ngamila imayamba kudzuka ndi miyendo yakumbuyo. Edwina anangoona mchenga ukubwera kumaso kwake.

"Mayo ine! Nditsitseni! Ndafa!"

Constance anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, gwirani chitsulo cha pachishalocho! Ana anu a sukulu akanakuonani lero!"

Anayenda mondondozana pamwamba pa milu ya mchenga, ngamila zikugwedezeka uku ndi uku, chiuno cha Edwina chikudandaula. Koma pang'ono ndi pang'ono mantha anatha, ndipo anadzimva akuseka kuchokera pansi pa mtima. Anali ataiwala kuti dziko likhoza kukhala chete chonchi, popanda basi kapena belu la wodwala.

Anafika pamsasa dzuwa likulowa. Panali matenti akuda ndi makapeti oyala pamchenga. Alendo ena anawaika cha kuno, koma tenti ya amayi atatuwa inali payokha kuseri kwa mulu, poti Shirley anali atapempha choncho. Atatha kudya, Constance anatsegula chikwama chake chija. Munali zitenje, maduku ndi buku la nyimbo za kutchalitchi. Awiriwo anamanga maduku, anavala zitenje, n'kukhala pansi atatambasula miyendo, monga amakhalira amayi pasiwa. Chitenje chachitatu anachiika pamiyendo pa Edwina.

"Zatani kodi?" anafunsa Edwina.

"Asisi," anatero Shirley, "nthawi ija tinakusiyani nokha. Tinakwera sitima tikulira, ndipo mpaka lero zimatiwawa. Ku Ntcheu sitingakufikitseni. Pamene takwanitsa ndi pano. Lero tigona nanu pasiwa ya mayi."

"Aa, zimenezo zinapita kale. Musandiyambitse."

"Sizinapite," anatero Constance. "Ndipo kuno kulibe woti amenye khoma."

Anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, Shirley n'kuilandira. Edwina anayesa kulimba mtima monga anazolowera. Anayang'ana kumanja, mchenga. Kumanzere, mchenga. Pa ndime yachiwiri chimene chinatsakamira pachifuwa chija chinatuluka ndi mfuu imene iye mwini sanaidziwe.

"Amayi! Amayi anga ine! Mwapita osandiona!"

Analira ngati uthenga wangofika kumene. Anawaitana mayi ake ndi dzina la mfunda wawo, anawauza za kuzizira kwa ku Mangalande, anawapepesa kuti sanawathire dothi. Anzakewo sanamutonthoze msanga, poti ankadziwa kuti maliro salirira theka. Anamugwira m'mapewa, analira naye, anaimba mpaka mawu anasasa. Kenako anagona pakapeti atamuika pakati, wina uku wina uku, ndipo Edwina anagona tulo tofa nato.

M'mawa bambo wa ngamila uja anabwera ndi tiyi. Anali atamva zonse. Anaika dzanja pachifuwa, anaweramitsa mutu, n'kunena mawu ochepa m'chilankhulo chake. Edwina sanafune womasulira, chifukwa kupepesa maliro kumamveka kulikonse.

Atamwa tiyiyo anayang'ana anzake awiriwo, maso ali otupa, maduku atapendekeka, mchenga uli m'makutu momwe. Anthu awa anasiya ana, anasiya ntchito, anakwera chinyama chimene nawonso ankachiopa, kuti iye angopeza polirira. Chisoni chinalipobe, koma chinali chopepuka, ndipo kuthokoza kunamudzaza mpaka kusowa poyambira. Kwathu mwambo wa maliro ukatha mwini mbumba amaimirira n'kuthokoza onse amene anabwera. Pano panalibe malume, choncho Edwina anakonza chitenje chake, anagwada pamchenga, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Asisi, dzukani, mukutichititsa manyazi," anatero Shirley.

"Ndisiyeni ndinene," anayankha Edwina. "Mayi anga ndawaika lero, ndipo mwandiikitsa ndinu. Zaka zonsezi ndinkauza anthu kuti kuno ndilibe abale. Mundikhululukire."