Duwa la Amayi ndi Dzina Lake

Amayi anga anali ndi duwa limodzi lokha, la masamba ofiira osakanikirana ndi achikasu ndi obiriwira. Anabwera nalo kuchokera kwathu ku Phalombe pamene bambo anapeza utenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Nsaru. Kanthambi kake anakathyola pakhomo pa mng'ono wawo amene anamwalira pobereka, n'kukabzala m'chitini cha mafuta ophikira. Dzina la duwalo sankalidziwa. Ankangoti chitenje cha mng'ono wanga.

Fodya akagulitsidwa, nthawi zambiri tinkasamukira ku esiteti ina. Katundu ankamuponya pa lole, koma chitinicho amayi ankachifungatira pamiyendo. M'chilimwe duwalo linkamwa madzi otsukira mbale.

Nditayamba uphunzitsi ku Mpingu, amayi anali atadwala kale chifuwa. Tsiku lina ndinawauza kuti ndaona maluwa onga awowo pamalo ofufuzira za ulimi ku Chitedze, atawabzala ngati mpanda. Anandipempha kuti ndikafunse dzina lake lenileni, kuti akakumana ndi mng'ono wawo akamuuze.

Mnzanga wina wogwira ntchito kumeneko anandiuza kuti ndi kroton. Anati dzinali linachokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza nkhupakupa, poti njere za mitengo ya mtundu umenewo zimaoneka ngati nkhupakupa yokhuta magazi. Mu minibasi ndinkalingalira zowanamiza amayi, koma nditafika anandifunsa ndisanakhale n'komwe pansi, ndipo ndinangowauza zoona.

"Nkhupakupa ya pagalu ija, eti?"

Ndinavomera. Anaseka mpaka anabanika ndi chifuwa, ndipo ndinawagwira pamsana. Atapezako mpweya anati azungu analiona molakwika, anayang'ana njere m'malo moyang'ana masamba.

"Iyeyo sindikamuuza zimenezo," anatero.

Anamwalira mvula ili pakati, fodya ali m'munda. Kunyamula maliro mpaka ku Phalombe sikunatheke, choncho anfumu a mudzi woyandikana nafe anatipatsa malo kumphepete kwa manda awo. Bambo anamaliza nyengoyo, n'kubwerera kumudzi okha. Duwalo ndinalisiya kwa mayi wina wa nyumba yoyandikana, poti kumene ndinkachita lendi kunali mbuzi zambiri.

Nditapitako chaka chotsatira, ndinapeza esitetiyo itagulitsidwa. Nyumba za matenanti anali atazigwetsa, pamalopo pali soya. Mayi amene ndinamupeza akupalira anati anthuwo anabalalika, ena ku Kasungu, ena ku Mchinji. Anandionetsa njira yachidule yopita kumanda, ndipo ndinapita.