Mutu Wake Uloza Kuti?

"Tiuze kwawo iwe, apo ayi khasu sitigwira!"

Ndi adzukulu akundikalipira choncho, maliro ali pakhonde panga. Womwalirayo ndi mzungu amene analemba buku lomwe tinkawerenga ku sekondale.

"Ndi wa ku Mangalande, agalu inu!" ndikutero.

Akutsegula bokosi. Mulibe munthu, muli mabuku ake okhaokha, ofunda ngati thupi. Loyamba analisindikiza ndi dzina la mkazi. Lachiwiri likuti anabadwira m'sitima, pakati pa nyanja. Lachitatu ku Mangalande konko analikana, linakatulukira kwa eni.

"Ndiye m'mandamo mutu wake uloza kuti, achimwene?"

Ndikufuna kuwatukwana, koma m'kamwa mwadzaza mchenga.

Ndinadzidzimuka kutulo. Kutacha ndinaimbira azakhali, omwe sitinkayankhulana, kuwafunsa kumene bambo anga anabadwira kwenikweni.