Muwanga wa Pachulu

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kapelula, m'boma la Kasungu. Tinachokera ku Phalombe pa lole, ine ndi amuna anga, titanyamula mphasa, mapoto ndi nkhwangwa. Dziko la kumeneko ndi lathyathyathya, ndipo mitengo inatha kalekale, yonse inalowa m'zigafa zoyanikamo fodya. Ukafuna mthunzi, mthunzi wake ndi chigafa chomwecho.

Choncho amayi tonse a makanda tinkagoneka ana m'chigafa. Unkayala thumba pansi, mwana apo, iwe pambali kumasoka masamba, pamwamba fodya ali lendelende. Akalira unkangopukuta manja pachitenje n'kumupatsa bere, zala zili bii ndi utomoni. Palibe ankaona chachilendo. Wanga, wamkazi, anayamba kutsokomola atangophunzira kukhala pansi. Chifuwa chinkalira ngati kamwana ka mphaka, ndipo akayamwa ankasanza.

Sikelo inkachitika kamodzi pamwezi m'katchalitchi kena kufupi ndi msika. Kuti upite unkayamba wapempha kwa kapitawo, woyang'anira ntchito pa esitetipo. Anali munthu wamfupi wovala majombo ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndinkadana naye, ndipo mpaka lero sindinapemphepo Mulungu kuti andichotsere chidanicho.

"Kusikelo?" anatero osandiyang'ana n'komwe. "Mwana wanuyo ndi belo kuti azikwera sikelo mwezi ndi mwezi? Fodya akapsa m'munda sadikira munthu."

Ndinapitabe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kumeneko nako sanandilandire ndi manja awiri. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wa magalasi, anamuveka mwana kakabudula koyezera n'kumukoleka. Anayang'ana muvi wa sikelo, kenako anandiyang'ana ine. Sikelo ya mwana inali itatsika. Atamutsitsa anamununkhiza kumutu.

"Mwana uyu amasuta?" anafunsa mokweza.

Amayi onse pamabenchi anaseka, ena mpaka kuombana m'manja. Ndinayankha chapansipansi kuti masana amagona m'chigafa.

"Ndiye mukudabwa chiyani? Mwatopa naye? Mumuchotse m'menemo lero lomwe. Musanamuyamwitse muzisamba m'manja ndi sopo. Nsalu yonyamulira masamba onyowa isakhale yoberekera mwana. Chifuwachi chikapitirira mupite naye kuchipatala."

Ndinati ndifunse kuti nanga ndizimugoneka pati, koma anali atanena kale kuti, "Wotsatira." Mawu ake anali oona, sindikana. Koma anandiponyera ngati fupa kwa galu, ndipo njira yonse yobwerera ndinkamutukwana mumtima, kwinaku ndikubwereza zimene ananenazo kuti ndisaiwale.

Kumapeto kwa munda wathu kunali chulu, ndipo pachulupo panali mtengo umodzi wa muwanga umene unapulumuka. Ndinayamba kututira masamba anga kumeneko. Ndinkasokera mbali ina, mwana ali mbali yochokera mphepo, pambali pake chigubu cha madzi ndi kachidutswa ka sopo. Ntchito inachuluka chifukwa cha mtunda, koma kusanza kunaleka. Chifuwa chinayamba kuphwa. Tsiku lina ndinamupeza akuseka yekha, akuyang'ana masamba a mtengowo akugwedezeka.

Amayi ena ataona anayamba kubwera ndi ana awo. Apa ndi pamene zinavutira. Kapitawo ankafuna tonse tikhale pamodzi, pamaso pake. Anafika n'kuima pamwamba pa chulu kuti aoneke wamtali.

"Mwatsegula sikelo yanu pano? Fodya akufota ndi kuyenda naye uku ndi uku. Kapena mukubisa fodya wina kutchireku?"

"Werengani masamba anga, akapitawo," ndinatero. "Mwana wanga m'chigafa salowanso."

"Tiona," anatero.

Fodya chaka chimenecho anabereka kwambiri, zigafa zinachepa, panafunika mphanda zowonjezera. Amuna pa esitetipo analipo ambiri, ena a misinkhu kuposa anga. Koma kapitawo anasankha amuna anga kuti akadule muwanga uja. Ankadziwa chimene ankachita.

Amuna anga anandiuza madzulo, maso ali pansi. "Amake mwana, akuti ndikakana, phoso la mwezi uno palibe, ndipo tizipita kwathu wapansi."

"Ndi mthunzi wa mwana wanu umenewo, bambo ake."

"Nanga mthunzi tiphika?"

"Auzeni atume wina."

"Akufuna ine."

Ndinkadziwa kuti njala si nthano, komabe ndinkadikira kuti mwina manja awo akana okha.

M'mawa mwake ananola nkhwangwa. Ine ndinabereka mwana n'kukaima poti andione. Muwanga ndi mtengo wouma mtima, sugwa msanga, ndipo anaudula mpaka dzuwa kufika pamutu, thukuta lili kamukamu, osacheuka ngakhale kamodzi. Kapitawo anakhala chapatali akukukuta chimanga chootcha. Mtengo utagwa, mwana anadzidzimuka kumsana n'kuyamba kulira. Sindinamutonthoze. Ndinafuna bambo ake amve.

Anzanga aja anabwerera m'chigafa ndi ana awo, ndipo ena analeka kundipatsa moni, ati ndawaputira mkango. Ine ndinatola nthambi zimene zinatsala n'kuzizika mozungulira chitsa. Udzu wofolera ndinakasolola padenga la nyumba yathu, mbali imene amuna anga ankagona. Mvula ikagwa inkawadonthera, iwo n'kumangosuntha mphasa. Kachisakasa kanga kanali kongokwana mwana yekha. Ine ndinkasokera padzuwa, mvula ikabwera n'kufunditsa masamba thumba, mwana n'kumukumbatira. Kapitawo akadutsa ankaseka, ine n'kulavula. Tinakhala choncho mpaka fodya anatha m'munda.

Mwezi wotsatira kusikelo muvi unakwerako pang'ono. Ndinayang'ana mlangizi uja kuti mwina anenapo kanthu. Sanandizindikire n'komwe.

Mwanayo anakula, pano ali pasukulu. Koma chifuwa sichinamusiye chonse. Mphepo ya mu Juni ikayamba chimaliranso, ndipo anzake akamathamangitsana iye amasunga nsapato zawo. Akuchipatala sananenepo kuti chinachokera m'chigafa kapena ku mvula ya pachitsa paja. Ine ndimangodziwa kuti masiku amene anagona pansi pa muwanga ankapuma bwino.

Tinabwerera kwathu, ndipo ku Kasungu sindinapondekonso. Amuna anga ndi omwewo. Anthu amati ndi munthu wabwino, ndipo n'zoona: samwa, samenya, mwana akadwala amamukweza njinga okha. Za mtengo uja sitinakambepo. Nkhwangwa ija anabwera nayo, imakhala kuseri kwa chitseko. Mwana wanga anandifunsapo chifukwa chimene ndimathyolera nkhuni ndi bondo pamene nkhwangwa ilipo. Ndinamuuza kuti ndi ya bambo ake.