Kampira kamene a Nakoma ankaponyera kunja dala

Lamulungu masana tinaonera filimu kwa aneba anga a Nakoma, kuno kufupi ndi Luchenza. Inali ya kalaliki wina wosauka koma katswiri pa tebulo tenesi. Yoseketsa ndithu. Kumapeto akumuswa bwana wake anthu akuona, bwanayo n'kumukumbatira, n'kumukweza pantchito.

Tonse tinaomba m'manja kupatula eni nyumba.

"Bodza ili," anatero a Nakoma. "Bwana wake uti ameneyo?"

Mkuluyu wakalambira ku kalabu ya mamanejala pa esiteti ya tiyi, akupukuta matambula. Bwana akasowa wosewera naye ankawaitanira patebulo. Dzanja anali nalo, koma gemu ikamatha ankaponyera kampira kunja dala, n'kuseka: "Aa, abwana mwandipha!" Ndi mmene anasungira ntchito ndi nyumba ya kulaini ya antchito.

Chinawawawa si filimu ayi. Mwana wawo Esnati amayeza tiyi pasikelo, ndipo kontirakiti yake ikutha mwezi uno. Sabata yatha, pa tsiku la masewero a ogwira ntchito, anakumana ndi manejala wake patebulo. Anamukwapula magemu atatu osabwezako, othyola tiyi akuliza mluzu.

"Ndinakuuza, iwe, gemu yomaliza umusiyire," anatero bambo ake filimu ija itatha.

"Adadi, zimenezo n'zakale," anayankha Esnati. "Abwana anandigwira chanza akumwetulira."

Ine chanza chimenecho sindikuchikhulupirira. Mwina ndine wokayikakayika, koma ndaonapo mano ambiri oyera m'maofesi muno, kenako munthu n'kumva kuti malo atha.

Komanso tisanamizane. Ndani mwa ife sanaponyerepo kampira kunja? Pamsonkhano yankho uli nalo, koma umadikira kuti lituluke m'kamwa mwa akuluakulu. Nthabwala ya abwana yozizira ngati tiyi wadzulo, iwe n'kumagubuduka ndi phwete. Timati ndi ulemu. Ndi mantha, abale, ndipo zimandichititsa manyazi kuti tikuwaphunzitsanso ana athu.

N'chifukwa chake mafilimu oterewa ndimawaonera ndi diso limodzi. Amathera pokumbatirana. Lolemba m'mawa, wopambana uja akulowa mu ofesi ya amene anamuyalutsa, sationetsa.

Mayina a opitiriza ntchito akhomedwa Lachisanu pakhomo la ofesi. Esnati akuti akalawirira kukaona. A Nakoma akuti iwo sapita.

Ndikufunitsitsa kuti mkuluyu ndi ine tipezeke olakwa. Koma inu, mwanayo akanakhala wanu, kampira komaliza kali m'mwamba, mukanafuula kuti chiyani?